Anamutuma Yekha

Ukwati wa Tak Min-gu ndi Ok Sun-mi unali wa mpunga wambiri ndi nyama yochepa, koma palibe amene anachokapo akudandaula. Mkwati anali wosewera mpira wa besibo, wa ntchafu ngati mitondo ndi nkhope ya mwana. Mkwatibwi ankaseka osaphimba pakamwa, ndipo amai achikulire anamukhululukira poti linali tsiku lake. Aliyense ankadziwa chimene mbali iliyonse inabweretsa. A kwa Tak anabweretsa mnyamata ndi chikwama cha zovala zosewerera. A kwa Ok anabweretsa mtsikana wamasiye amene anakulira m'khitchini ya azakhali ake, wodziwa kuphika ndi kupirira, kuphatikizapo chipinda cha pamwamba pa malo odyera a azakhaliwo. Odziwa kuyeza zinthu anaona tsiku lomwelo mbali imene yapereka zambiri, koma pa ukwati sanena zimenezo.

Min-gu anali wowakha. Ntchito yake inali kunyonyomala kumbuyo kwa womenya mpira, chigoba chili kumaso, n'kumawakha mpira umene woponya wautumiza. Anakhala m'timu yaing'ono zaka zambiri. Timu yaikulu inali kumzinda, kumene kuli makamu a anthu ndi wailesi yakanema. Yaing'onoyo inali kuno kwathu, pakati pa minda ya mpunga, kumene amasewera dzuwa lili paliwombo, oonerera ali makolo a osewerawo ndi nkhalamba zothawa kutentha kwa m'nyumba. Mnyamata aliyense wa pa bwalo limenelo amagona ndi loto limodzi, loti tsiku lina aitanidwe kumzinda.

Chaka choyamba anakondana, zimenezo tisawalande. Madzulo Sun-mi ankatenthetsa madzi n'kuviikamo manja a mwamuna wake, zala zake zitatupa ndi mpira.

"Zala izi ndi zanu, kapena mwabwereka za nkhanu?" ankamufunsa.

"Useke. Zala zimenezi zidzakugulira nyumba kumzinda."

"Ziyambe zaphunzira kugwira timitengo todyera. Dzulo theka la mpunga linathera pansi."

Ankaseka mpaka azakhali kugogoda denga ndi tsache kuchokera pansi. Akanakhala choncho, osauka ndi oseka, lero sipakanakhala cholemba.

M'nyengo yotentha ya chaka chotsatira kunabwera Gye Tae-sik. Ameneyu anali woponya wotchuka. Anasewerapo m'matimu akuluakulu a ku Amereka asanabwerere ku Koreya kuno, ndipo tsopano anali mzati wa timu yaikulu. Phewa linamuvuta, ndiye anamutsitsira ku timu yaing'ono kuti achire n'kuyambiranso kuponya pang'onopang'ono. Tsiku limene anatsika m'galimoto yake yakuda, anyamata anafola mzere, zipewa m'manja, n'kuwerama mpaka mphumi kufuna kugunda mawondo.

M'mpira umenewu wamkulu ndi wamkulu basi. Amene anayamba kusewera iwe usanayambe sumukana, sumufunsa funso, ndipo ukamamwa naye umatembenukira kumbali kuti asaone pakamwa pako. Iye amakugulira nyama, iwe umamunyamulira chikwama. Akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, kaya n'chabwino kaya n'chowola. Anyamata amaphunzira zimenezi ndi zikwapu akadali kusukulu, ndipo amazidziwa kuposa mayina a agogo awo.

Gye anayang'ana mzerewo ngati munthu wosankha mavwende pamsika, n'kuloza Min-gu.

"Iwe wantchafu. Umawakha?"

"Inde, akulu anga."

"Tiye tione."

Anaponya kwa kanthawi, phewa likadali lolimba, mipira ikupita uku ndi uku. Min-gu ankaiwakha yonse, ndipo ankadziwa kuimenyetsa m'golovesi kuti ilire ngati yaponyedwa mwamphamvu. Woponya wodwala amakonda phokoso limenelo kuposa mankhwala. Atamaliza, Gye anamugwira pakhosi.

"Uli ndi manja, mwana iwe. Ndikamabwerera kumzinda ndidzamuuza kochi kuti ndikufuna wowakha wangawanga."

Woponya wa msinkhu wa Gye akalankhula, kochi amamva. Min-gu anathamanga ulendo wonse wa kunyumba, n'kukamunyamula mkazi wake m'khitchini alendo akuona.

"Nditsitseni, anthu akudya," anatero Sun-mi akuseka. Atamva nkhani yonse anafunsa kuti, "Anati adzakutengani, kapena anati adzanena?"

"Iwe, mawu a mkulu sawasenda ngati adyo."

Patapita masiku, osewera ali pa chakudya cha masana, Gye anakankha mbale yake.

"Ku Amereka agalu amadya bwino kuposa izi. Phewa lingachire ndi madzi otentha amenewa?"

Onse anazyolika. Ndipo apa mvetserani bwino, chifukwa mlandu wonse unabadwira pano. Gye sanapemphe kanthu. Palibe amene anatchula dzina la mkazi wa munthu. Anali Min-gu yekha amene anaimirira, manja m'mbali, n'kutsegula pakamwa pake.

"Akulu anga, mkazi wanga amaphika msuzi wa nkhuku wodzutsa wodwala. Mukalola, azikubweretserani."

Gye ankamaliza zolimbitsa phewa dzuwa lisanafike pamutu, n'kubwerera ku nyumba imene anachita lendi kuseri kwa phiri. Min-gu ankatsala pa bwalo mpaka madzulo. Choncho wonyamula mphika anayenera kukhala Sun-mi.

"Bwanji osabwera kudzadyera pansi pano ngati anthu ena onse?" anafunsa mkaziyo.

"Munthu ngati ameneuja akhale pa benchi limodzi ndi alimi, azimupempha zithunzi ali ndi fupa kukamwa? Uzipita nacho."

"Ndekha, m'nyumba ya mwamuna?"

"Ndi mkulu wanga. Kwa iwe ndi mlamu. Ukuopa chiyani?"

Azakhali anamva zonse ali pa mbaula. Anati nkhuku zawo akuziona zikutuluka, koma chobwerako sakuchiona. Min-gu anawauza kuti kupatsa n'kuika. Iwo anayankha kuti zimatengera pamene waika, chifukwa ukaika nyama pakamwa pa galu sunasunge. Komabe anapha nkhuku, anaithira mpunga ndi adyo m'mimba, ndipo Sun-mi anamanga mphika m'nsalu n'kuuyamba ulendo.

Tauni yathu ndi yaing'ono. Mkazi wa munthu akamadutsa msewu womwewo tsiku ndi tsiku ndi mphika, n'kumalowa pa chipata chomwecho, maso amamuperekeza ndipo pakamwa pamamudikira. Nkhani inachoka kumsika, inalowa m'nyumba yometera, n'kukakwera basi ya timu. M'basimo munali Dal-su, mnzake wa Min-gu kuyambira kusukulu, wosewera amene anataya kale chiyembekezo cha kumzinda n'kutsala ndi lilime lokha.

"Min-gu, ndamva kuti phewa la akulu likuchira msanga," anatero mokweza tsiku lina. "Madokotala akudabwa. Kodi mlamu amathiramo chiyani mu msuzi umenewu?"

Basi yonse inaseka.

"Enafe ndife zitsiru. Tinkangowanyamulira zikwama ndi kuwachapira masokosi, osadziwa kuti pali njira yachidule."

Min-gu anaseka nawo, mano onse pamtunda, chifukwa kukwiya kukanakhala kuvomera. Koma nankafumbwe anali atalowa m'thumba. Kunja thumba limaoneka lodzaza, m'kati likusanduka ufa. Kuyambira tsiku limenelo ankati akanyonyomala pa bwalo masana, maso ali pa mpira, mtima uli kuseri kwa phiri. Ankamuona mkazi wake akuvula nsapato pakhomo la Gye. Ankamva kuseka kwake kuja, kosaphimba pakamwa. Madzulo ankanunkhiza nsalu yomangira mphika ngati galu.

"Lero wachedwa kuti?"

"Anati ndidikire mphika. Amadya mochedwa ngati ng'ombe."

"Mumakamba chiyani?"

"Okamba ndi iwowo. Za ndege, za mahotela, za mmene azungu ankaimbira dzina lawo. Ine ndimangoima pakhomo."

"Umaseka?"

Sun-mi anasiya kupukuta mbale n'kumuyang'ana.

"Ngati zikukuvutani, ndisiye kupita. Ndisangalala kwambiri. Munthu uja si wabwino, ndakhala ndikufuna kukuuzani."

"Tseka pakamwa. Mkulu wanga sumutchula choncho. Ndipo ndani wati usiye?"

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Ukufuna ndikawauze chiyani? Kuti mkazi wanga watopa nanu, muziphika nokha? Ndingayambire pati? Upita, ndipo uzibwera msanga."

Taonani mtundu wa mwamuna. M'mawa akumutuma, madzulo akumuzenga mlandu wopita kumene anamutuma. Mawu ochepa akanathetsa zonse: akulu anga, pepani, kuyambira mawa mphika ndizibweretsa ndekha. Mawu amenewo ankawayeseza m'njira, ankawatafuna mpaka pa chipata cha bwalo. Akangomuona Gye, ankawameza, chipewa n'kutsika, msana n'kupindika. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mu mkhate umenewu munali tsogolo lake lonse. Ndiye mkwiyo unachita zimene madzi amachita. Unatsata kotsika.

Chimene chinkachitika kuseri kwa phiri n'chachifupi. Masiku oyamba Gye ankangodzitama. Kenako tsiku lina, Sun-mi akuika mphika pa tebulo, anamugwira dzanja.

"Khalani pansi, mlamu. Mumangoima ngati mwabwera kudzalemba mita ya magetsi."

"Ndikufulumira, alendo akudikira."

"Mwamuna wanu wakula, mukudziwa? Owakha ngati iye ali mbwee ngati mpunga. Chimene chingamusiyanitse ndi anzake chili ndi inu. Kamodzi kokha, ndipo amene angadziwe ndani?"

Sun-mi anasolola dzanja lake. Anamuuza kuti iye anabwera ndi nkhuku, ndipo nkhukuyo ili pa tebulo. Kuchokera tsikulo sanavulenso nsapato pakhomo limenelo. Ankaliza belu, n'kupereka mphika ali panja, n'kudikira pa dzuwa mpaka ubwezedwe. Kunyumba sananene. Ankaganiza kuti Min-gu akamva adzapita kukamumenya Gye n'kuchotsedwa m'timu, zaka zonse zija n'kupita pachabe. Anamuganizira bwino mopitirira mwamuna wakeyo. Cholakwa chake chinali chimenecho, ngati n'cholakwa.

Gye sanali munthu wozolowera kukanidwa. Tsiku lina pa bwalo anamuitana Min-gu n'kumupatsa kathumba ka pepala konunkhira.

"Kamupatse mlamu wanga. Wavutika nane."

Min-gu analandira ndi manja awiri, anawerama, anathokoza. Ananyamula kathumbako mpaka kunyumba ngati akunyamula khala. M'kati munali mpango wa m'khosi wofiira, wofewa, wa mtundu umene mwamuna sagulira mkazi wa mnzake.

"Mukabweze," anatero Sun-mi osaugwira n'komwe.

"Mphatso ya mkulu amabweza? Wapenga?"

"Ndiye nditsukira miphika."

"Loweruka akutigulira nyama tonse, ndipo anena kuti ubwere. Uvale. Akapanda kuuona m'khosi mwako adzati tawanyoza."

Ndi mwambo kuti wamkulu akatsikira ku timu yaing'ono amawagulira anyamata nyama. Loweruka masewera atatha anadzaza nyumba yowotchera nyama ya nkhumba. Gye anakhala kumutu kwa tebulo, Min-gu pambali pake akutembenuza nyama pa makala n'kumamusankhira zonona. Akazi ena panalibe. Sun-mi anakhala kumapeto, mpango wofiira uli m'khosi ngati chingwe cha mbuzi.

"Mlamu wakhala kutali bwanji? Bwerani mudzanditsanulire. Mowa wotsanulidwa ndi amuna umawawa."

Sun-mi anayang'ana mwamuna wake. Kwathu kuno mkazi wa munthu satsanulira mowa mwamuna wina, ndipo aliyense pa tebulopo ankadziwa. Min-gu anali akuyang'ana makala.

"Pita," anatero osakweza maso. "Akulu akuitana."

Anapita, anatsanula mowa wa soju ndi manja awiri. Gye anagwira nsonga ya mpango n'kuisisita ndi zala, akuuza anyamata kuti iye ali ndi diso lodziwa zokhala bwino pa mkazi. Dal-su anatsokomola m'kapu mwake. Gye atamupatsa kapu yake, Min-gu anatembenukira kumbali monga mwa ulemu, n'kumwa, n'kubwezeranso Gye kapu ndi manja awiri. Nyama sanapsereze ngakhale imodzi.

Atafika kunyumba anatseka chitseko n'kumumenya mkazi wake mbama ziwiri, chifukwa chovala mpango ngati hule pamaso pa anzake.

Pali amuna amene amatha kunyansa ngakhale ntchentche. Dzanja lomwelo limene linkapereka kapu mwaulemu kwa wakuba linapeza mphamvu pa tsaya la mwini nyumba. M'mawa azakhali anaona mikwingwirima. Anamuyembekeza Min-gu pansi pa masitepe, mpeni wosendera uli m'manja.

"Mkamwini, tinakupatsani mwana wathunthu, wopanda chilema. Mwagona m'chipinda changa, mwadya mpunga wanga, mwatha nkhuku zanga. Sindinakufunseni kanthu. Lero ndikufunsa. Nkhope iyi yatani?"

Min-gu anagwada pa simenti. Analira misozi yeniyeni. Anati unali mowa, sizidzachitikanso. Azakhali atanena kuti mphika sutulukanso pakhomo, anawagwira miyendo. Anati kwatsala pang'ono, phewa lachira, akulu atsala pang'ono kubwerera, akasiya tsopano zonse zapita m'madzi.

Anali Sun-mi amene anamupulumutsa.

"Azakhali, asiyeni. Munthuyo akapita zitha. Tafika kale pakati pa mtsinje."

Anadzola ufa pa tsaya, anamanga mphika, anapita. Ngongole zina sizilembedwa paliponse, koma imeneyi aliyense wa m'banja la Ok akuikumbukira mpaka lero.

Tsiku lobwerera linafika. M'mawa kochi anaitana osewera onse pa bwalo n'kulengeza kuti Gye akupita kumzinda, ndipo timu yaikulu yapempha wowakha mmodzi woti apite naye. Min-gu anali atayamba kale kusuntha phazi. Kochi anatchula dzina la mnyamata wina, wongotuluka kumene kusukulu, amene ndevu zinali zisanamere. Anzake anaomba m'manja. Min-gu anaomba nawo.

Kenako ananyamula zikwama za Gye n'kukaziika m'galimoto, chifukwa inali ntchito yake. Gye anamusisita tsaya ngati mwana.

"Limbikira, iwe. Nthawi yako idzafika. Umupatse moni mlamu. Msuzi wake ndiusowa."

Apa panali pomaliza. Munthuyo anali patsogolo pake, chitseko cha galimoto chili chotsegula, lonjezo litasweka, chotaya palibenso. Akanafunsa. Akanatukwana. Ngakhale akanamulavulira, tikanamumvetsa, ndipo ena tikanamuphikira.

"Zikomo pa zonse, akulu anga. Muyende bwino."

Anawerama mpaka fumbi la galimoto litakhazikika. Ataweramuka anapeza Dal-su ali pambali pake akutafuna njere za mpendadzuwa.

"Ndiye wapereka nkhuku ndi mwini nkhuku yemwe," anatero Dal-su, "iwe n'kutsala ndi nthenga."

Min-gu sanabwerere pa bwalo. Anapita kunyumba dzuwa likuswa mtengo. Azakhali anali kumsika. Ali pa masitepe anamva mkazi wake akuimba, koyamba pa nthawi yaitali. Anamupeza akupinda zovala pansi.

"Ukuimba. Wakulonjeza kuti adzakutumizira galimoto?"

"Ndikuimba chifukwa wapita. Mwabwera msanga bwanji?"

"Wapita ndi kamwana kena. Ine wandisiya."

Sun-mi anaika pansi malaya amene anali m'manja.

"Pepani, amuna anga. Ndinkaopa kuti zidzatero."

"Unkaopa? Unadziwa bwanji?"

Pamenepo anamuuza zonse, za dzanja, za mawu aja akuti kamodzi kokha, za kuima pa dzuwa kunja kwa chipata. Analankhula modekha, poganiza kuti tsopano mwamunayo amasuka ku nsanje yake, alira, ndipo ayambiranso. Min-gu anayang'ana zala zake zokhota.

"Ndiye iwe unakana," anatero.

"Ndinakana."

"Zaka zonsezi ndanyonyomala m'fumbi. Mawondo anatha. Ndipo anati kamodzi kokha."

Sun-mi anamuyang'ana ngati munthu amene wapeza mphutsi m'mbale imene wadya kale theka.

"Malizani. Ndikufuna ndimve ndi makutu angawa."

Min-gu anadzimva yekha zimene wanena, ndipo manyazi anamupsereza. Koma mwamuna wotere manyazi sawasenza, amafuna pomutula.

"Ukunama. Sunakane. Tauni yonse ikudziwa. Wagona naye chilimwe chonse, wakhuta, watitaya tonse awiri. Ndiye ukundipangira nthano."

"Sankhani chimodzi, bambo. Mundide chifukwa ndinagona naye, kapena mundide chifukwa sindinagone naye. Zonse ziwiri sizingatheke."

"Usandiyankhe."

"Nambala yake muli nayo. Muimbireni, mumufunse. Ndili pompano, ndimva."

Min-gu sanasunthe.

"Simungathe," anatero Sun-mi, ndipo sanakweze mawu. "Mukangomva mawu ake muwerama ndi foni yomwe. Munandituma nokha, munandiveka mpango nokha, munandiuza nokha kuti nditsanule. Ndinkati mukuchita zimenezi chifukwa simukudziwa. Kani mumadziwa, mumangodikira malipiro. Ine ndikutsikira kwa azakhali. Chipinda chino ndi chawo, mupeze kopita."

Anatembenuka kuti atole zovala zake. Kuseri kwa chitseko kunali chibonga chomenyera mpira, chimene Min-gu ankayesezera m'mawa. Anachitenga. Pa bwalo anali womenya wosathandiza, wophonya kawirikawiri. Tsiku limenelo sanaphonye.

Azakhali pochokera kumsika anamupeza atakhala pa masitepe, manja ali pa mawondo. Anawauza kuti asakwere. Anakwera.

Pa maliro panabwera nkhata ya maluwa oyera, yaitali kuposa munthu, yoimikidwa pa miyendo itatu. Pa nsalu yake panalembedwa dzina la Gye Tae-sik ndi zilembo zazikulu zoti aliyense awerenge ali kumsewu. Mwini wake sanabwere, anali ndi masewera. Azakhali sadziwa kuwerenga bwino, koma dzinalo analizindikira. Anaikoka nkhatayo okha, aliyense akuona, mpaka kuseri kumene amataya nyenyeswa za nsomba.

Ku khoti Gye anabwera atavala suti yakuda. Anati iye ankangodya msuzi. Anati mpango unali wothokoza, monga mmene wamkulu aliyense amachitira. Anati mnyamatayo ankamukonda ngati mng'ono wake, ndipo mtima wake wasweka. Wotsutsa panalibe, chifukwa amene akanatsutsa anali m'manda, ndipo zimene Sun-mi ananena masana aja zinatuluka pakamwa pa womupha yekha. Malamulo alibe dzina la mlandu wa munthu ngati Gye. Anatuluka anthu akumupempha kuti awalembere dzina pa zipewa. Dal-su nayenso anaima pa mboni n'kunena kuti zinali nthabwala chabe, anyamata amaseka choncho m'basi.

Woweruza anali mai wa imvi, wosakonda mawu ambiri. Asanagamule anamufunsa Min-gu funso limodzi.

"Mwatiuza kuti munawakayikira bambo Gye chilimwe chonse. Munkaonana nawo tsiku lililonse. Munawafunsapo ngakhale kamodzi?"

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

Min-gu anakweza maso, wodabwa kwenikweni, ngati wafunsidwa chifukwa chimene sadyera miyala.

"Ndi akulu anga," anatero.

M'khotimo munali amuna ambiri a mpira, ndipo ena a iwo anagwedeza mitu kuvomereza. Woweruza anawaona. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anagamula kuti Tak Min-gu akakhale kundende zaka makumi awiri.

Ali komweko tsopano. Amene amapita kukaona abale awo amabwera ndi nkhani zake. Akuti m'chipinda chimene anamuika, tsiku loyamba lomwelo anafunsa kuti wamkulu ndani. Anamusonyeza nkhalamba ina yakuba, yopanda mano. Amaiyalira pogona, amaichapira, amaipatsa chakudya ndi manja awiri. Oyang'anira ndende akuti sanaonepo mkaidi waulemu ngati ameneyu, ndipo amadabwa kuti munthu wofatsa chonchi anapha bwanji.

Ife sitidabwa. Tinauona ulemu wake pa tsiku la ukwati, tinausirira, tinati mwana wathu wapeza mwamuna woleredwa bwino. Inu amene muli ndi ana aakazi, mnyamata akabwera kudzafunsira, musakhutire ndi mmene akuweramira pamaso panu. Kuwerama aliyense amatha, ngakhale bango. Mufufuze kuti akaweramuka, zimene wameza ali chiweramire amakazilavulira ndani.